Khungu Lililonse Lili ndi Njala Yake

Nkhani ya mwezi uno taizengereza kwa nthawi yaitali, chifukwa m'kati mwake muli kulakwa kwa ife eni. N'chinthu chamanyazi kuti munthu wa imvi aulule kuti anapusitsidwa ndi kachubu kochepa ngati chala. Komabe amayi a kunyumba atiumiriza kuti tilembe, ati tikabisa ife, makolo ena adzagwera m'mbuna yomweyo. Mwana wathu amene nkhaniyi ikumukhudza kwambiri nayenso wavomera, malinga tisatchule dzina lake.

Inu amene munafikapo kuno ku Mtenguleni pa Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale mukudziwa mmene mudzi wathu umasandukira tauni. Chiyambire chaka cha 1980, pamene mwambo wa Nc'wala unatsitsimutsidwa utakhala chigonere kuchokera pa nkhondo ya Angoni ndi Azungu ya mu 1898, anthu zikwizikwi amabwera kudzaona Inkosi ya Makosi Mpezeni ikulawa zakumunda zoyamba kucha. Tsono pamene pasonkhana anthu, amalonda sasowa. M'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Chipata kulowera ku Katete mumadzaza misasa ya nyama yootcha, zitenje, mapoto, nsapato, ndiponso mafuta odzola a mitundumitundu.

Pa Nc'wala ya mu 2023, mdzukulu wathu wa zaka zisanu ndi chimodzi anali ndi chipere patsaya, chachikulu ngati khobidi. Pakhomo panali alendo, abale athu ochokera ku Lusaka ndi ku Mchinji, ndipo ife chipere chija chinkatichititsa manyazi koposa mmene chinkamuvutira mwanayo. Tikuyenda m'misasa tinapeza mnyamata wa pakamwa potsekemera, atayala timachubu ndi timabotolo pachiguduli. Titamufotokozera vuto lathu, sanachedwe n'komwe. Anatola kachubu kena nati, "Amadala, aka n'kothetsa zonse. Zipere, ziphuphu, kuyabwa, ngakhale zipsera, masiku atatu basi." Tinalipira ndi mtima woyera, tili okondwa kuti tapeza njira yachidule yopewera mzere wa kuchipatala.

Ife amene timanyadira kuti tinaphunzira kusukulu ya mishoni, ife amene timaimirira pamaso pa anthu Lamulungu lililonse kuwawerengera mokweza, sitinawerenge timalemba ting'onoting'ono tam'mbali mwa kachubuko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Poyamba zinkaoneka ngati mnyamata uja wanena zoona. Patapita masiku anayi kuyabwa kunatha, chipere chinazilala, ndipo tinasiya kumupaka mwanayo. Koma pasanathe milungu iwiri chinabweranso, tsopano chitakula ngati chivindikiro cha botolo la uchi. Tinapakanso, chinabisalanso, kenaka n'kutulukira m'khosi ndi kuseri kwa khutu. Mu Epulo tinagonja, tinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Adokotala, munthu wofatsa wa msinkhu wa ana athu, atamuyang'ana mwanayo anafunsa kuti, "Abambo, mwakhala mukumupaka chiyani?" Mwamwayi katoni ya kachubu kaja inali m'thumba la jekete. Anaiyang'ana, natilozera ndi cholembera mawu amodzi akuti clobetasol.

Anatifotokozera modekha kuti chipere chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu, tofanana ndi chuku, timene timachokera kwa munthu wina, kwa ng'ombe, galu kapena mphaka. Clobetasol ndi mankhwala amphamvu zedi a gulu lotchedwa steroid, ndipo ntchito yake ndi kuziziritsa khungu lotupa ndi loyabwa. Tizilombo satipha ayi. Chimene amachita n'kugonetsa asilikali a m'thupi amene amalimbana nato, mwakuti ito timafalikira mwaufulu khungu likuoneka ngati lapola. Kwa miyezi iwiri tinali kuthamangitsa alonda, mbala tikuisiya m'nkhokwe. Anatipatsa mafuta a clotrimazole oti tizipaka kawiri pa tsiku kwa milungu inayi osadukiza, ngakhale chipere chitaoneka kuti chatha, ndipo mwanayo anachira.

Tinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo, osadziwa kuti ili kuyamba. Mwana wathu wamkazi, wa zaka 19 pa nthawiyo, anali kuvutika ndi ziphuphu monga achitira achinyamata ambiri. Atamva kuti kachubu kaja n'kothetsa zonse, anayamba kudzolako mobisa. Ziphuphu zinaphwa, ndipo nkhope yake inayamba kuyera. Anzake anamuyamikira, amayi a pachitsime anamuyamikira, ndipo tsiku lina akutipatsa madzi osamba m'manja, ifenso tinati, "Mwanawe, masiku ano ukuwala bwanji!" Tinkaganiza kuti ndi usinkhu chabe. Iye anamva kuti atate ake akondwera ndi khungu loyera koposa limene anabadwa nalo, ndipo ndalama zake za malonda a zitumbuwa zinayamba kuthera ku timachubu tina tamtundu womwewo.

Zinaululika mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo. Nkhope yake inkaotcha akangotuluka panja. Pamphumi ndi m'masaya munatuluka tiziphuphu tambirimbiri tofanana kukula, timitsempha tinayamba kuonekera, ndipo akayesa kusiya kudzola kwa masiku awiri, khungu linkayabwa ndi kutentha ngati wapakapo tsabola. Amayi ake atapeza timachubu topanda kanthu pansi pa mphasa, ife tinayamba kukalipa monga achitira abambo. Iye anatisiya mpaka titamaliza, kenaka anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi, nati, "Atate, kachubu koyamba munagula ndinu. Ndipo ndinu munati ndikuwala." Tinasowa chonena. Usiku umenewo tulo sitinatione.

Kuchokera pamenepo tinayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndipo zimene taphunzira tikuzipereka kwa inu monga mnzanu amene anapsapo. Phunziro lalikulu ndi ili: mafuta othetsa zonse kulibe. Mlimi wanzeru sathira feteleza asanaone chimene nthaka yake ikusowa, ndipo za m'dimba la dambo sizifanana ndi za m'munda wa mchenga. Khungu nalonso n'chimodzimodzi. Choyamba n'kudziwa dzina la vuto, chachiwiri n'kudziwa dzina la chinthu chimene chili m'kati mwa botolo, ndipo dzina lokongola la kunja kwa botolo libwere pambuyo.

Tiyambe ndi khungu louma, pakuti ndilo vuto la ambiri a ife m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya chisanu imatuwitsa miyendo ya ana ndi kung'amba milomo ndi zidendene. Khungu lotere likulira madzi, ndipo lifuna zinthu ziwiri: chokoka madzi ndi chowatsekera kuti asauluke. Glycerine amakoka madzi, n'chifukwa chake amagwira bwino ntchito akasakanizidwa ndi madzi pang'ono kapena ndi mafuta ena odzola. Mafuta a Vaseline, amene Robert Chesebrough wa ku America anawalembetsa m'boma mu 1872, amatseka pamwamba ngati chivindikiro. Chinsinsi chake n'kudzola mutangotuluka m'bafa, thupi lisanaumiretu. Kwa a ming'alu yozama kuphazi, funsani kumalo ogulitsira mankhwala mafuta okhala ndi urea, amene amafewetsa khungu lokhakhala. Agogo athu analibe mayina amenewa, koma nzeru yake anali nayo. Tikukumbukira gogo wathu wamkazi akukazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama, n'kutidzoza ife adzukulu tikangochokera kumtsinje. Sankadikira kuti tiume.

Khungu lamafuta ndi la ziphuphu lili ndi njala yosiyana. Timabowo take timatsekeka ndi mafuta a thupi lomwe, choncho kuwonjezerapo mafuta olemera kumaso kuli ngati kuthira madzi m'munda wa lowe. Chofunika ndi kusamba kumaso kawiri pa tsiku ndi sopo wofatsa, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule. Mankhwala odziwika pa vutoli ndi salicylic acid, amene amatsegula timabowo, ndi benzoyl peroxide, amene amapha tizilombo ta m'ziphuphu. Onsewa amafuna kuleza mtima, pakuti kusintha kumayamba kuoneka pakapita milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madontho akuda otsala chiphuphu chikapola, amene amadandaulitsa atsikana athu koposa chiphuphu chenichenicho, amazilala okha pakapita miyezi ngati munthu aleka kufinya ndi kupewa dzuwa lamasana, ndipo mafuta okhala ndi niacinamide kapena azelaic acid amathandiza popanda kusupula nkhope yonse. Amayi oyembekezera apewe mankhwala a ziphuphu otchedwa tretinoin ndi abale ake, ndipo afunse kusikelo asanadzole chilichonse champhamvu.

Makanda ndi anthu a khungu losachedwa kuyabwa afuna zinthu zosavuta. Sopo wochapira zovala si wosambitsira mwana, ndipo mafuta onunkhira kwambiri ndiwo kawirikawiri amautsa zidzolo. Vaseline wopanda fungo amakwanira, ndipo pa zilonda za matewera mafuta a zinc oxide ndiwo oyenera. Chinthu chachilendo chilichonse muyambe mwachiyesa pa kamalo kochepa m'kati mwa mkono, mudikire masiku awiri, muone ngati khungu lachilandira.

Palinso mavuto amene si a mafuta odzola konse, koma ndi matenda ofuna kuchipatala. Za chipere tanena kale, koma tiwonjezere kuti chikakhala m'mutu, zopaka zokha sizifika pamizu ya tsitsi. Pamafunika mapiritsi monga griseofulvin kwa milungu ingapo, ndiponso kusamala zipeso ndi makina ometera. Mphere imayabwa kwambiri usiku, m'mipata ya zala ndi m'chiuno, ndipo imayamba ndi kachilombo kokumba m'khungu. Mankhwala ake, monga benzyl benzoate, ayenera kupakidwa banja lonse tsiku limodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Chizolowezi chopaka mafuta a mabuleki a galimoto pachipere, kapena mandimu ndi mankhwala otsukira mano paziphuphu, tichileke, chifukwa chimangootcha khungu n'kusiya chipsera choposa nthendayo.

Zizindikiro zina ziwiri tisazikwirire ndi mafuta. Banga loyererako limene silimva kanthu mukalikhudza ndi thonje kapena nthenga likhoza kukhala chiyambi cha khate. Nthendayi imachizika, ndipo kuyambira 1995 bungwe la World Health Organization limapereka mankhwala ake kwaulere, koma wochedwa amapunduka zala. Chinanso ndi khungu lakuda, lokhakhala ndi losupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa, monga m'khosi, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, makamaka likadza pamodzi ndi kutsegula m'mimba. Imeneyi ikhoza kukhala nthenda ya pellagra, yobwera thupi likasowa vitamini B3, ndipo imakonda anthu odalira nsima ya chimanga yopanda ndiwo zokwanira. Mankhwala ake enieni ali m'mbale: nsawawa zathu za kuno kum'mawa, nyemba, kapenta ndi nyama. N'zodabwitsa kuti niacinamide uja amene atsikana amamugula m'timabotolo todula ndi mtundu wa vitamini yemweyo amene ali m'nsawawa zimene timagulitsa motchipa pamsewu.

Tsopano tifike pa mayina atatu amene tikupempha kholo lililonse kuti liwaloweze pamtima, pakuti ndiwo amabisala m'mafuta oyeretsa khungu.

Loyamba ndi gulu la steroid lija, limene mudzaliona lolembedwa kuti clobetasol kapena betamethasone. M'manja mwa dokotala, kwa masiku owerengeka, ndi mankhwala abwino. Koma odzoledwa miyezi ndi miyezi amapyapyalitsa khungu, amalemba mizere yosafufutika m'manja ndi m'ntchafu, amachedwetsa mabala kupola, ndipo akalowa m'magazi akhoza kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene wazolowera asasiye yekha mwadzidzidzi, koma apite kuchipatala akamuthandize kuchepetsa pang'onopang'ono.

Lachiwiri ndi hydroquinone. Mu 1975 madokotala a ku South Africa analemba za amayi ambiri amene, atadzola mafutawa kwa zaka, masaya awo anada bii ngati makala, khungu lili nthudzunthudzu. Nthendayo imatchedwa ochronosis, ndipo njovuta kwambiri kuichotsa. Mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola wamba. Munthu amafuna kuyera, n'kupeza kuda kumene sanabadwe nako.

Lachitatu, loopsa koposa, ndi mercury, amene nthawi zina amalembedwa kuti calomel kapena mercurous chloride, ndipo nthawi zambiri salembedwa n'komwe. Amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana ali m'mimba ndi woyamwa, ndipo amatsalira pa matawulo ndi zofunda zimene banja limagwiritsa ntchito. Kuopsa kwake kunadziwika padziko lonse ndi tsoka la mumzinda wa Minamata ku Japan, kumene mu 1956 anthu anapezeka akudwala chifukwa chodya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Pangano la maiko la mu 2013 lolimbana ndi mercury linatenga dzina la mzindawo, dziko lathu la Zambia linalivomereza mu 2016, ndipo mu 2023 maiko a m'panganoli anagwirizana kuti mafuta odzola okhala ndi mercury atheretu pofika 2025. Kuno kwathu tili ndi bungwe la ZAMRA loyang'anira mankhwala, koma bungwe silingaime pa chiguduli chilichonse cha pamsika. Mlonda womaliza ndi iwe wogula. Botolo lopanda mndandanda wa zimene zili m'kati, lopanda tsiku lothera mphamvu, kapena lolonjeza kuyeretsa m'masiku asanu ndi awiri, lisiyeni pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuda kwa khungu lathu, kumene mafutawa amalimbana nako, kumachokera ku chinthu chotchedwa melanin, chimene chili ngati denga lotiteteza ku dzuwa. Amene akufuna kudziwa mtengo wake afunse abale athu a khungu lachialubino, amene anabadwa alibe dengali, ndipo mdani wawo wamkulu ndi khansa ya pakhungu. Kwa iwo mafuta oteteza ku dzuwa, olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, pamodzi ndi chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, ndi nkhani ya moyo. Woimba wathu John Chiti wakhala akulankhulira anthu amenewa kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2015 maiko amawakumbukira pa 13 Juni chaka chilichonse. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti pamene banja lina likusowa ndalama yogulira mwana wawo chitetezo ku dzuwa, banja loyandikana nalo likuwononga ndalama kusasula denga limene analipatsidwa kwaulere.

Koma tisathamangire kuloza chala atsikana. Tili anyamata m'zaka za m'ma 1980 tinkaseka amayi oyeretsa khungu ndi nthabwala ija yakuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Tinkaseka, koma sitinadzifunse kuti iwo ankafuna kukondweretsa ndani. Ndife amuna amene timatembenuza khosi akamadutsa woyera. Ndife azakhali ndi agogo amene timati tikaona khanda, "Koma ndiye ndi kamzungu!" ngati kuti mwana wakuda ndi wobwezera. Ndife atate amene timati "ukuwala" osafunsa kuti kuwalako kwachokera kuti. Mnyamata wa pachiguduli uja amangogulitsa, koma msika wake timamutsegulira ndife ndi malilime athu.

Mwana wathu tinapita naye kuchipatala, ndipo ulendo uno tinamuperekeza tokha, timachubu tonse tili m'jumbo. Adokotala anamusiyitsa pang'onopang'ono. Milungu yoyamba inali yowawa, pakuti nkhope inada kuposa kale, inasupuka, ndipo kwa mwezi wathunthu anakana kupita kumsika. Ankasamba ndi sopo wofatsa, kudzola mafuta opanda fungo, ndi kuvala chipewa popita kumunda. Ziphuphu zija anazichiza pambuyo pake, khungu litalimba, ndi mankhwala oyenera ziphuphu. Pofika Nc'wala ya 2025 khungu lake linali litabwerera mwakale, kupatula timizere tiwiri m'mbali mwa khosi timene mwina sitidzachoka. Tikamationa timakumbukira tsiku lija la m'misasa, ndipo iye akaona kuti tikuyang'ana amangoti, "Atate, zinatha izo."

Pakhomo pathu tsopano pali lamulo losalembedwa. Botolo lililonse lachilendo likalowa m'nyumba limayamba lafika pakhonde, ife timavala magalasi, ndipo mdzukulu uja, amene tsopano akuwerenga bwino, amatithandiza kutchula timalemba tating'ono limodzilimodzi. Pashelefu pali zinthu zinayi zosiyana: Vaseline wa ana, glycerine wa amayi a kunyumba, kabotolo ka ziphuphu ka mtsikana, ndi mafuta a ming'alu a ife okalamba. Palibe amene amabwereka za mnzake.

Pomaliza tikupemphani, makolo anzathu, kuti madzulo ano muyang'ane pawindo, m'chikwama ndi pansi pa mphasa, muwerenge zimene ana anu akudzola. Mukapeza limodzi la mayina atatu aja, musayambe ndi ukali monga tinachitira ife. Khalani naye pansi mwanayo, mumufunse chimene chikumuvuta pakhungu lake, mupite naye kuchipatala mutanyamula botololo. Ndipo musanatuluke pakhomo, mumuuze mawu amene ife tinachedwa kuwanena, akuti khungu limene anabadwa nalo ndi labwino.